Kalata yotseguka kwa nduna ndi aphungu ku Manda Hill: dziko laling'ono amaligwira pakhosi asanakhudze malire

Olemekezeka nduna ya zakunja, nduna ya zachitetezo, ndi inu nonse aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Zambia,

Landirani moni. Nkhani imene ndabwera nayo sindinaimve ikukambidwa mozama m'nyumba yanuyo, mwina chifukwa imaoneka ya kutali. Russia italowa m'dziko la Ukraine pa 24 February 2022, ife kuno tinaimvera pa mtengo wa feteleza ndi wa mafuta, kenako tinaizolowera. Koma funso limene nkhondo ija inadzutsa ndi lathu ndithu. Dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni, lopanda doko, lozingidwa ndi maiko 8, lidzatani tsiku limene mnansi wamphamvu adzadzuke ndi mtima wofutukula malire? Lero palibe amene akuloza chala dothi lathu, ndipo tithokoze. N'chifukwa chake ndikulemba lero, poti zimene ndikupemphazi zimatheka pa mtendere pokha.

Sukulu ya zimenezi tinaiphunzira kale, ndipo fizi yake inali yowawa. Pamene Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) pa 11 November 1965, Zambia inali ndi chaka chimodzi chokha. Chilichonse chotipatsa moyo chinkadutsa m'manja mwake. Mkuwa wathu unkatuluka pa njanji yodzera kwawo. Malasha osungunulira mkuwawo ankachokera ku Wankie. Mafuta ankabwera kuchokera kummwera, ndipo makina onse opukusa magetsi pa Kariba anali tsidya lake. Britain italetsa mafuta kupita ku Rhodesia, Smith sanatumize msilikali ngakhale mmodzi kudzabwezera, anangotseka mpopi. Ndege za Britain, America ndi Canada zinayamba kutinyamulira mafuta, ena nkumabwera m'migolo pa malole odzera msewu wa matope wa ku Dar es Salaam, uja madalaivala anautcha Hell Run. Petulo ankagulidwa ndi makuponi.

Zimene boma la malemu a Kaunda linachita m'zaka khumi zotsatira n'zimene ndikufuna muziyang'ane bwino, inu a chipani cholamula ndi inu otsutsa omwe. Paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inayamba kupopa mafuta mu 1968. Mgodi wa malasha unatsegulidwa ku Maamba kuti tileke kudalira Wankie. Magetsi anayamba kutuluka ku Kafue Gorge, mkati mwenimweni mwa dziko lathu, ndipo pambuyo pake tinaika makina athuathu tsidya lino la Kariba. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860, inayamba kumangidwa mu 1970 n'kufika ku Kapiri Mposhi mu 1975, maiko a azungu atakana kuti siingabweze ndalama. Onani amene anagwira ntchito zimenezi. Paipi anaika ndi a ku Italy, Kafue Gorge anamanga ndi a ku Yugoslavia, njanji ndi a ku China, ndipo phula la msewu wa ku Tanzania munalowa ndalama za America. A Kaunda anali ndi zolakwa zawo, ndipo ena a ife tidakakumbukira mizere ya sopo ndi saladi, koma apa anaona patali. Sanachotse khosi lathu m'dzanja la Smith kuti akaliike m'dzanja la munthu wina mmodzi.

Komabe phunziro lenileni lili pamene zinthu zinavuta. Mu January 1973 Smith anatseka malire, nati mkuwa wokha uzidutsabe poti unkamubweretsera ndalama. A Kaunda anakana, ndipo Smith atatsegulanso mbali yake, ife yathu tinaisiya yotseka. Tinatha kulimba mtima chotere chifukwa tinali ndi kwina kodzera: msewu wa kumpoto, ndi njanji ya Benguela yopita ku doko la Lobito. Mu 1975 nkhondo ya ku Angola inatseka Benguela. Tinatsala ndi Dar es Salaam yekha, doko nkudzaza, katundu nkumakhala miyezi asanatsitsidwe. Pofika October 1978 dzinja linali pakhomo, feteleza ali kunja kwa dziko, ndipo a Kaunda anatsegula njanji ya kummwera, ija analumbira kuti sadzaigwiritsa ntchito Smith ali pampando.

Mwezi womwewo, pa 19 October, ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa anthu a Joshua Nkomo, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka pomwepa, ndi wina ku Mkushi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Woyendetsa ndege wawo, wodzitcha Green Leader, analankhula ndi nsanja ya pa bwalo la ndege la Lusaka, kuiuza kuti ndege zathu zankhondo zisanyamuke. Amene tinali mu mzinda muno tinamva kugunda kwake, manyazi ake tinawamvanso. Mu April 1979 anafika mpaka pa nyumba ya Nkomo mkati mwa Lusaka, namiza pantoni ya ku Kazungula. Mu October chaka chomwecho anagwetsa milatho ya pa Chambeshi, wa njanji ndi wa msewu womwe. Pa zonsezi Zambia sinathamangitse omenyera ufulu. Mabomba sanatisinthe maganizo, koma matumba a feteleza anatisintha, ndipo a Rhodesia ankadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake pomaliza ankasaka milatho.

Wina akafuna umboni woposa pamenepa ayang'ane Lesotho. Kumayambiriro kwa January 1986 South Africa inayamba kuchedwetsa dala galimoto ndi sitima iliyonse yolowa m'dzikomo. Mafuta ndi zakudya zinatha, ndipo pa 20 January asilikali a Lesotho yemweyo anachotsa nduna yaikulu Leabua Jonathan pampando. Masabata atatu sanakwane. Ife akum'mawa abale athu Abemba amatiseka za mbewa, koma aliyense amene anakumbapo amadziwa kuti mbewa ya khomo limodzi ndi ndiwo za tsiku lomwelo. Yochenjera imaboola kwina kothawira, ndipo imaboola kukali chete.

Alipo amene amati njira yapafupi ndi kugonja msanga, kumwetulira wamphamvuyo kuti akusiye. Anansi athu anaiyesa. Dr Banda anatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, nalandira ngongole yomangira Lilongwe. Ndege za adani sizinaphulitse Malawi monga zinkachitira kuno, zimenezo n'zoona. Koma m'zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo za ku Mozambique, zimene South Africa yomweyo inkazipatsa zida, zinadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wa Malawi nkumazungulira mpaka ku Durban, othawa nkhondo pafupifupi miliyoni nkudzaza m'maboma a m'malire. Samora Machel wa ku Mozambique anasaina pangano la Nkomati ndi South Africa pa 16 March 1984, nachotsa m'dziko lake ambiri a ANC, gulu lomenyana ndi boma la tsankholo, ndipo chaka chotsatira zikalata zimene zinapezeka ku msasa wa Renamo ku Gorongosa zinaonetsa kuti thandizo kwa Renamo silinaleke. Sindikuwaweruza atsogoleri awa, mpeni unali pakhosi pawo. Ndikungoti kugwada kunawagulira nthawi, njira zawo sikunaziteteze.

Dziko la Finland limatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ngati iyi, ndipo ambiri amalitchula mosamvetsa. Malire ake ndi Russia ndi makilomita oposa 1,300, anthu ake ndi 5.5 miliyoni basi. Linamenyana ndi Soviet Union mu 1939 ndi 1940, linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nthaka yake, ndipo anthu oposa 400,000 anasamutsidwa. Kuyambira 1948 linasankha kusamala pakamwa, osadzudzula Moscow poyera, ndipo anthu a maiko ena ankaliseka kuti ndi lamantha. Chimene ankaphonya n'chakuti pansi pa kufatsako Finland sinasiye kuphunzitsa anyamata ake usilikali, sinasiye kukumba mobisalira pansi pa Helsinki, sinasiye kusunga tirigu, mafuta ndi mankhwala a miyezi ingapo, ndipo zisankho zake zinakhalabe zake. Nyengo itasintha linalowa NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa maiko a ku Ulaya ndi America, mu April 2023, lili ndi choika pathebulo. Kufatsa kwa munthu wa nkhokwe yodzaza n'kosiyana ndi kufatsa kwa wopanda kanthu.

Kulankhula ndi mdani sikugonja, ndipo apanso mbiri yathu ili ndi chonena. Mu August 1975 a Kaunda anakumana ndi John Vorster, mtsogoleri wa boma la tsankho la South Africa, m'chitima choimikidwa pakati pa mlatho wa Victoria Falls. Anakumananso ndi omulowa m'malo, P.W. Botha mu 1982, ndi F.W. de Klerk ku Livingstone mu 1989, uku likulu la ANC lili mu Lusaka muno. Mzinda uno unalandira msonkhano wa maiko osakondera mbali mu 1970 ku Mulungushi, wa Commonwealth mu 1979 umene unatsegula njira ya ufulu wa Zimbabwe, ndi wokhazikitsa SADCC pa 1 April 1980, bungwe limene cholinga chake chachikulu chinali kuchepetsa kudalira South Africa. Dziko laling'ono limene alendo amabwerako kawirikawiri silimenyedwa mwakachetechete. Choncho a nduna ya zakunja, maofesi a akazembe athu asakhale kopumulira makada a chipani. Kazembe wodziwa ntchito ndi wotchipa kuposa ndege yankhondo.

Za kudalira bwenzi lalikulu ndinene mwachidule. Mu December 1965 Britain inatitumizira ndege zankhondo za Javelin, koma nduna yake yaikulu Harold Wilson anali atanena kale kuti sadzamenyana ndi Smith, ndipo ndegezo zinabwerera kwawo osachita kanthu. Mu 1994 ku Budapest, Ukraine inapereka zida zake za nyukiliya posinthana ndi lonjezo la America, Britain ndi Russia loti malire ake adzalemekezedwa, ndipo mu 2014 Russia, mmodzi wa osainawo, inalanda Crimea. Bwenzi lalikulu limabweranso ndi adani ake. America italengeza mu 2022 kuti itsegula ofesi yoona za chitetezo ku nyumba ya kazembe wake kuno, panali phokoso, ndipo mu June 2024 Pulezidenti Mnangagwa wa Zimbabwe anakadandaula kwa Putin ku St Petersburg kuti Amerika akukhazikika mu Zambia. Kaya ananena zoona kaya ayi, mnansi amene tikugawana naye damu la Kariba anakatitchula kwa dziko lankhondo. Pangano lililonse la zachitetezo ndi dziko lakunja libwere ku Manda Hill, mulione inuyo, tisamalimvere kwa anansi.

Pali chida china chimene maiko aang'ono ali nacho, chooneka chofooka koma chimagwira: lamulo lakuti malire sasunthidwa ndi mfuti. Atsogoleri a Africa anagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti malire amene atsamunda anasiya, okhotakhota momwemo, akhale choncho. Ife olankhula Chichewa tikudziwa kupanda nzeru kwa malirewo kuposa wina aliyense, poti anadula mtundu umodzi patatu. Mu 1968 Dr Banda ananena poyera kuti malire enieni a Malawi amafika pa mtsinje wa Luangwa, a Kaunda nayankha mwaukali, ndipo nkhaniyo inathera pakamwa. Lero mwezi wa August uliwonse mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, nabwerera kwawo ndi mapasipoti awo. Mu 2007 apulezidenti a maiko atatuwa anakhala pamodzi pa mwambowu. Tsono wina akamati "anthu a tsidya ilo amalankhula chinenero changa, ndiye dzikolo ndi langa", monga tamvera kuchokera ku Moscow, ife tikudziwa kuti ndi bodza. Titalola mfundo imeneyo, Chipata, Mwinilunga, Nakonde ndi Sesheke aliyense angapeze mwini wake tsidya lina.

Lamuloli lapulumutsapo ena. Libya inalanda chigawo cha Aouzou kwa Chad, ndipo bwalo la milandu la dziko lonse ku The Hague litagamula mu 1994, asilikali a Gaddafi anachoka chaka chomwecho, ngakhale tisaiwale kuti a Chad anali atawathyola kale pankhondo mu 1987. Nigeria, ndi ukulu wake wonse, inapereka Bakassi kwa Cameroon potsatira chigamulo cha 2002. N'chifukwa chake ndinakondwa pamene Zambia inali m'gulu la maiko 141 amene anadzudzula kulowa kwa Russia mu Ukraine pa 2 March 2022, anansi athu angapo atasankha kusavota mbali iliyonse, ndiponso pamene Pulezidenti Hichilema anapita ku Kyiv ndi ku St Petersburg ndi atsogoleri anzake mu June 2023. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma votiyo ikhale yofanana nthawi zonse, wolanda dzikoyo akhale wa kum'mawa kapena wa kumadzulo, wotikongoza ndalama kapena ayi. Tikamasankha, tsiku lathu likadzafika nawonso adzasankha.

Ifenso lamuloli litimange. Mu March 2020 asilikali athu anawomberana ndi a Congo m'dera la pakati pa nyanja za Mweru ndi Tanganyika, ndipo ku Kinshasa amene ankatchedwa wolanda malo ndi ife. Malire a kumeneko anagwirizanidwa mu 1989, koma zipilala zake pansi zinali zisanathe kuikidwa. SADC inatumiza akatswiri, asilikali athu nabwerera. Anthu anafera ntchito ya simenti ndi tepi yoyezera. Malizani kuika zipilala kulikonse kumene zikusowa. Ndipo chipilala chenicheni ndi munthu wokhala pamenepo. Ngati mayi wa m'malire amakachira tsidya lina, mwana wake amaphunzira tsidya lina, foni yake imagwira netiweki ya tsidya lina, chitupa cha NRC alibe, mukuganiza kuti adzaimirira mbendera iti? Chimodzimodzi madandaulo a ku Barotseland. Pangano la May 1964, limene linalowetsa Barotseland mu Zambia, likuwawabe anthu, ndipo ku Mongu kunagwa maliro mu January 2011. Madandaulo otere akamangokankhidwa, mlendo wa zolinga zake amawapeza ali okonzeka kale.

Tsono tiyang'ane mmene zinthu zilili lero, poti apa ndi pamene mtima wanga suli m'malo. Zimene makolo anamanga ndi thukuta tazilekerera. TAZARA yakhala zaka zambiri ikunyamula kachigawo kochepa ka katundu amene inamangidwira, mkuwa nkumayenda pa malole amene akuswa misewu. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010 ndi nyimbo ndi magule, koma sinalumikizidwe ndi njanji ina iliyonse ya m'dziko muno, ndipo udzu ndiwo ukuidziwa bwino. Fakitale ya Indeni ku Ndola inaleka kuyenga mafuta. Chilala cha 2024 chinatichita zimene Smith ankangoopseza: Kariba inaphwa mpaka makina amodzi okha mwa 6 ndiwo ankazungulira, mabanja a ku Matero, Chawama ndi Kanyama nkumaona malaiti maola atatu pa tsiku, ometa ndi owotcherera zitsulo nkukhala manja lende, makala nkukwera mtengo. Chimanga tinakagula ku Tanzania. Zonsezi popanda mdani aliyense. Munthu wa zolinga zoipa amene ankayang'ana chaka chimenecho anaona pamene pali mtsempha wathu.

Zabwino ziliponso. Mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu May 2021 pamalo pomwe pantoni ija inamizidwa, anaumanga mokhota kuti usaponde nthaka ya Zimbabwe, ndipo watipatsa khomo la kummwera losadzera kwa mnansi mmodzi yekha. A China abwereranso kudzakonza TAZARA, Amerika ndi a ku Ulaya akukamba za njanji ya ku Lobito. Landirani zonse ziwiri, ndipo wina akakuuzani kuti musankhe imodzi, mukaneni mwaulemu. Onjezani ya ku Nacala. Mkuwa wa ku Katanga umadutsa m'misewu yathu, ndipo pamene boma linatseka Kasumbalesa masiku ochepa mu August 2024 pa mkangano wa zamalonda, nduna za maiko awiriwa zinakhala pansi msanga. Mnansi amene katundu wake amadzera kwanu amaganiza kawiri. Musakhulupirire kwambiri zimenezi, poti gasi wa Russia ankadutsa mu Ukraine ndipo nkhondo inabukabe, koma n'zothandiza.

Mapangano a njanjizi ndi amene ndikuopa. Mu November 2020 tinalephera kubweza ngongole, ndipo zaka zotsatira tsogolo la bajeti yathu linkakambidwa ku Paris, ku Beijing ndi ku Washington. Dziko lomangidwa ndi ngongole silivota momasuka, silikana momasuka. Mukapereka njanji kwa kampani yakunja zaka makumi angapo, funsani kuti pa nthawi ya mavuto adzalamule sitima ndani, ndipo ndime imeneyo ilembedwe poyera. A nduna ya zachitetezo, pa chifukwa chomwechi musatigulire ndege zodula pa ngongole kuti zizidutsa pamwamba pathu pa tsiku la ufulu, 24 October. Sitingapikisane zida ndi dziko lotiposa kasanu. Chimene tingathe ndi kukhala ndi asilikali olipidwa pa nthawi yake, odziwa kuteteza Kafue Gorge, paipi ya mafuta ndi milatho ya Luangwa, Kafue ndi Chambeshi, ndi akatswiri a Zambia National Service (ZNS) otha kuimika mlatho wongoyembekezera m'masiku ochepa.

Pempho langa lenileni ndi laling'ono, silifuna ndalama. Chaka chilichonse, bajeti isanadutse, boma lizibwera pamaso panu ndi chikalata chonena kuti madoko onse atatsekeka lero, dizilo amene ali m'matanki angatifikitse masiku angati, chimanga cha m'nkhokwe za boma za FRA miyezi ingati, mankhwala a m'zipatala ndi feteleza mpaka liti. Chinenenso kuti pa katundu yense wolowa ndi wotuluka, ndi wochuluka bwanji amene amadzera khomo limodzi, ndiponso magetsi angatsale angati Kariba itaima. Zina mwa izi mudzati n'zachinsinsi, chabwino, komiti yanu ya zachitetezo izione kuchipinda. Koma pakhale phungu mmodzi, wa chipani chilichonse, woimirira pa nthawi ya mafunso n'kufunsa zimenezi, ndipo yankho la nduna lilembedwe m'kaundula wa zokambirana za nyumbayo kuti ife okuvoterani tikaliwerenge.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chilenje, Lusaka